Musangoti "sizikutheka": kafunsidwe ka thandizo pulogalamu ikavuta

Kalata ya ulendo uno yachokera ku Chikwawa, kwa T/A Kasisi. Olemba ndi achemwali amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo pano ndi okhawo odziwa khodi pa kabungwe kena kothandiza alimi. Amayang'anira matabuleti a anyamata ndi atsikana oyenda m'midzi kukalemba kaundula, komanso kapulogalamu ka PHP kamene anakapeza katalembedwa kale ndi munthu wina amene anasiya ntchito. Dandaulo lawo ndi loti akakanika n'kufunsa anzawo a ntchito imeneyi pa intaneti, kumangoti zii. Wina akayankha, umakhala mzere umodzi wouma wowauza kuti akawerenge kaye. Ndiye akufunsa kuti: kodi n'chifukwa choti ndine Mmalawi, kapena Chingelezi changa n'choperewera, kapena poti ndine mkazi?

Achemwali, sindikana kuti anthu achipongwe aliko, ndipo amayi a ntchito imeneyi amakumana nawo kawirikawiri kuposa ife abambo. Koma uthenga umene munatumiza uja ndauona, ndipo ndikuuzani mosapsatira kuti ngakhale ukanachokera ku London sukanayankhidwa. Munalemba kuti pulogalamu sikusunga zinthu, kuti n'zachangu, n'kuikapo chithunzi cha sikirini ya laputopu chojambula ndi foni, kuwala kwa pawindo kutaphimba theka la mawu. Zili ngati kuimbira foni makaniko wa pa Dyeratu kuti njinga yamoto yafa, njingayo mwaisiya kunyumba, ndipo simukunena ngati yakana kulira, ikutsamwa pa chitunda kapena yaduka tcheni. Makaniko wa mtima wabwino angoti bwerani nayo. Wotanganidwa adula foni.

Taganizirani kaye amene ali kutsidya kwa funso lanulo. Zida zambiri zimene timagwiritsa ntchito kuno n'zaulere, ndipo anthu ambiri oyankha mafunso a zidazi salandira kanthu pa yankho lanulo. Amayankha pa nthawi ya nkhomaliro kapena usiku ana atagona. Komanso si alendo pa mavuto athu. DHIS2, imene a zaumoyo m'dziko muno amasonkhanitsira malipoti a zipatala, mizu yake ili ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo imakonzedwa motsogoleredwa ndi University of Oslo. OpenMRS inayamba mu 2004 chifukwa cha ntchito ya zipatala za ku Eldoret, ku Kenya, ndipo kwathu kuno a Partners In Health akhala akuigwiritsa ntchito ku Neno. ODK ya m'matabuleti anuwo inabadwa mu 2008 ku University of Washington, mumzinda wa Seattle, ndipo anaipangira malo ngati kwanuko, kumene netiweki imabwera n'kuthawa. Funso lochokera ku Chigwa cha Shire anthu amenewa amalifuna, chifukwa kumeneko n'kumene chida chawo chimayesedwa zenizeni. Chimene alibe ndi mpata wokufunsani mafunso khumi kuti amve chimene chachitika.

Mpata umenewo inunso mulibe. Ikamakwana 8 koloko m'mawa kwa Kasisi, ku Seattle imakhala 10 kapena 11 koloko usiku wa dzulo lake. Mukatumiza funso loperewera m'mawa, mnzanuyo aliona inu mutaweruka, n'kufunsa kuti mukugwiritsa ntchito version iti. Inu muyankha mawa. Iye afunsanso china. Sabata itha mukuponyerana timafunso, anyamata a kumunda ali khale kudikira. Onjezanipo za magetsi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kukhala pafupi ndi Kapichira sikutanthauza kukhala ndi magetsi: namondwe Ana atawononga damu la kumeneko mu Januwale 2022, makina a mamegawati pafupifupi 130 anaima kwa nthawi yoposa chaka. Munthu wodalira batire la laputopu ndi bandulo yogula yekha ayenera kuphunzira kufunsa kamodzi kokha, funso loti wowerenga aone vutolo ndi maso ake popanda kubwerera kwa inu.

Ntchito yaikulu imachitika musanalembe funsolo. Nditakupemphani kuti mukopere mawu enieni amene pulogalamu ikutulutsa, munanditumizira uthenga wa nambala 1064, umene database imatulutsa ikalephera kumva lamulo la SQL limene yapatsidwa. Uthengawo umaloza pamene yasokonezekera, ndipo wanuwo unaloza pa timawu toti "anja". Ndinakufunsani kuti ndi makaundula ati amene akukana. Munabwera nalo nokha yankho: mlimi akalembedwa kuti ndi Msena, zikusungika bwinobwino, akalembedwa kuti ndi Mmang'anja, zikukana. Munthu akhoza kuganiza kuti kapulogalamuko kali ndi tsankho la mitundu.

Ayi ndithu, vuto ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja kamene timaika pakati pa g ndi a. Mu SQL kachizindikiro komweko ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mawu. Amene analemba kapulogalamu kanu anangolumikiza zimene munthu walemba pa fomu ndi lamulo lopita ku database, ndiye database ikafika pa "Mang" imaona ngati mawu atha, ndipo "anja" wotsalayo imasowa chochita naye. N'gabu akalembedwa motero, chimodzimodzi. Mayina a anthu ambiri a kwathu kuno, chimodzimodzi. Mankhwala ake si kuuza anyamata a kumunda kuti asiye kulemba kachizindikiroko, ngakhale ndikudziwa maofesi amene anachita zomwezo. Mankhwala ake ndi prepared statements, zimene PHP ili nazo kale mu PDO ndi mu mysqli: lamulo limapita palokha, mawu a pa fomu amapita paokha, ndipo database sizisokoneza. Konzani msanga, chifukwa bowo limene likukanitsa Mmang'anja ndi lomwelo limene wakuba amalowera. Munthu wodziwa akhoza kulemba lamulo lake m'bokosi la dzina n'kukopera kapena kufufuta kaundula yense. Amati SQL injection.

Mwaona kuti vuto limeneli linagonja popanda yankho la aliyense wa kunja? Linagonja ndi zinthu ziwiri: kuwerenga uthenga mpaka kumapeto, ndi kufunsa kuti chikusiyana n'chiyani pakati pa zimene zikutheka ndi zimene zikukana. Ambirife tikaona mawu ofiira pa sikirini mtima umalumpha, timatseka msanga ngati taona njoka. Mawu ofiirawo ndiwo mboni yokhayo imene inaona ngoziyo. Akopereni momwe alili, chotsani mayina a mafayilo anu, muwaike mu Google. Nthawi zambiri mupeza kuti wina ku Manila kapena ku Kampala anagwa m'dzenje lomwelo zaka zapitazo ndipo anatulukamo.

Mukasowa poyambira, dulani pakati. Tinene kuti muli ndi fayilo ya mizere 1,000 imene ikukana kulowa. Lowetsani mizere 500 yoyamba. Ikalowa, vuto lili mu theka linalo. Ikakana, lili momwemo. Dulaninso pakati theka lovutalo. Mukadula kakhumi mutsala ndi mzere umodzi, ndipo mzere umodzi munthu amatha kuuyang'ana ndi maso n'kuona chachilendo. Khodi nayo ndi chimodzimodzi: koperani pulogalamuyo pambali, muzichotsa zonse zosakhudzana ndi vutolo mpaka mutsale ndi mizere 15 kapena 20 imene ikuonetsabe kulephera komweko. Kachidutswa kameneko ndi kamene mumatumiza. Palibe amene angatsegule pulogalamu yanu yonse ya mafayilo 80 kuti akufufuzireni mwaulere, koma mizere 20 munthu amaiyesa tiyi asanazizire.

Funso lenilenilo liyankhe zinthu zochepa koma zonse: munkafuna chichitike n'chiyani, munachita chiyani, chinachitika n'chiyani, mwayesa kale ziti, ndipo zonsezi zikuchitikira pa makina otani. Lanu lija likanamveka chonchi, m'Chingelezi chanu chomwecho: "Ndili ndi fomu ya PHP 8.1 yosunga mayina mu MariaDB pa XAMPP, pa Windows 10. Ndikalemba Sena imasunga. Ndikalemba Mang'anja imatulutsa uthenga wa 1064, ndipo mawu ake onse ndi awa. Khodi yosungayo ndi mizere 12 iyi. Ndayesa kusintha kukula kwa bokosi la dzina, sizinathandize." Funso lotere limayankhidwa ndi munthu woyamba kuliwerenga. Mwina mwadabwa kuti ndalemba MariaDB pomwe inu mumati MySQL. XAMPP inasiya kalekale kubwera ndi MySQL, imabwera ndi MariaDB, ndipo ngakhale ziwirizi ndi pachibale, pena zimasiyana. Osamalemba zimene mukuganiza kuti muli nazo. Onani pa makinapo.

Za version ndiima pang'ono, chifukwa kwanuko ndi nkhani yaikulu. Matabuleti a mabungwe athu ambiri anagulidwa ndi ndalama za pulojekiti imene inatha kale, ndipo amayendera Android yakale. Mnzanu wa ku Oslo akamva kuti tabuleti ikukana kutumiza mafomu ku seva, m'maganizo mwake mumabwera foni ya chaka chatha. Sangalote kuti yanu ndi ya Android 6. Chonsecho mu 2024 zida za Android zakale kuposa 7.1.1 zinayamba kukana masatifiketi a Let's Encrypt, amene maseva ambiri amagwiritsa ntchito chifukwa ndi aulere. Mukangotchula nambala ya Android, wodziwa amagwira vutolo nthawi yomweyo. Musanatero, yang'anani deti pa tabuletiyo. Tabuleti imene batire lake linatheratu n'kukhala m'kabati milungu ingapo nthawi zina imadzuka ikuganiza kuti tili chaka china, ndipo chida chosokonezeka deti chimakana satifiketi yabwinobwino.

Nenaninso zimene kwa inu n'zachizolowezi koma kwa iye n'zachilendo. Nenani kuti netiweki imaduka pakati potumiza, kuti mafomu amadzazidwa masiku atatu popanda intaneti, kuti laputopu imene ikugwira ntchito ya seva imazima magetsi akathima, kuti mu Okutobala kutentha kwa ku Chikwawa kumapitirira madigiri 40 ndipo makina amayamba kuchedwa kapena kuzima okha. Database imene yazimitsidwa mwadzidzidzi ili pakati polemba imatha kuwonongeka m'njira imene munthu wa magetsi osathima sanaionepo ndi kale lonse. Si kudandaula kumeneko, ndi umboni.

Mawu a uthenga ndi khodi muzitumiza ngati malemba okopera, osati chithunzi. Chithunzi munthu sangachikopere kuti ayese, sangachifufuze, ndipo chimadya bandulo yanu ndi yake. Voice note ndiye iyayi. Chithunzi chili ndi malo ake pamene vuto ndi la maonekedwe, monga pamene dzina lolembedwa kuti Malaŵi likutuluka ngati MalaÅµi mu Excel. Zikatero fayilo ndi yabwinobwino, inalembedwa mu UTF-8, koma Excel yaiwerenga ndi kawerengedwe kena.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akatswiri: kufunsa za njira imene mwasankha kale m'malo mofunsa za kumene mukupita. Munthu amafunsa kuti angawonjezere bwanji 0 kutsogolo kwa nambala iliyonse ya m'fayilo. Amupatsa yankho, amawonjezera, mawa ziro uja wasowanso. Akanati anene kuti ndi manambala a foni a TNM ndi Airtel, oyamba ndi 088 kapena 099, ndipo ziroyo amasowa akatsegula fayilo ya CSV mu Excel, akanamuuza kuti Excel ikuona manambalawo ngati owerengera ndipo ikutaya ziro wakutsogolo, choncho polowetsa fayiloyo auze Excel kuti mzati umenewo ndi wa malemba. Chiganizo chimodzi chonena cholinga chanu chimapatsa wothandizayo mpata wokuuzani kuti msewu wonse umene mwatengawo ndi wolakwika.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kuposa zonsezi. Pa chithunzi chanu chija, pansi pa mawu ofiira, pankaoneka mayina anayi a alimi, midzi yawo ndi manambala awo a foni. Munachitumiza kwa anthu mazana amene simukuwadziwa. Ndikudziwa kuti simunachite dala, maso anu anali pa mawu ofiirawo. Koma anthu amenewo anapereka mayina awo kwa mnyamata wa bungwe lanu atakhala pa mkeka pakhomo pawo, pokhulupirira kuti zithera mu ofesi. Lero ndi kaundula wa mbewu. Mawa mudzagwira ntchito ya zaumoyo, ndipo mzere womwewo udzakhala ndi nambala ya chitupa cha unzika ndi zotsatira za magazi. Mudzi ndi waung'ono. Dzina ndi mudzi zikaonekera, munthu wadziwika. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo a MACRA ndiwo anapatsidwa udindo woliyang'anira, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ntchito yanu ikhoza kutha tsiku limodzi chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Choncho pangani kafayilo ka anthu ongopeka, mizere isanu kapena khumi, kamene kakuonetsa vuto lomwelo. Muzikasunga pafupi, kadzakuthandizani kambirimbiri. Musanatumize khodi, iwerengeni mzere ndi mzere kufunafuna pasiwedi ya database, adiresi ya seva ndi makiyi a API, monga a mobile money kapena otumizira ma SMS. M'mapulogalamu olembedwa mothamanga zinthu zimenezi zimakhala pamwamba penipeni pa fayilo. Pasiwedi ikangotuluka, kufufuta uthengawo sikokwanira, isintheni tsiku lomwelo. Ngati inalowa mu Git n'kukwera pa GitHub, dziwani kuti Git saiwala: mukaichotsa lero, imakhalabe mu mbiri ya fayiloyo, ndipo pali mapulogalamu a akuba amene ntchito yawo ndi kusakasaka makiyi otayika chonchi usana ndi usiku.

Za Chingelezi musade nazo nkhawa. Ambiri mwa anthu amene angakuyankheni ndi a ku India, ku Brazil, ku Vietnam kapena ku Germany, ndipo nawonso anachiphunzira kusukulu. Ziganizo zifupizifupi zimakwana. Chimene chimatipweteka ife Amalawi si galamala, ndi ulemu wathu umene sukwanira m'malo amenewa. Tinaleredwa kuti sufika pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi vuto, umayamba wapereka moni, n'kudikira akufunse chimene wadzera. Ndiye timalemba moni yekha n'kukhala chete, kapena kufunsa ngati tingafunse funso. Mnzathu wa kunja amaona moni wopanda kanthu n'kupitirira. Kwa iye ulemu ndi kusamutayitsa nthawi. Mukamalembera wamkulu wa kwathu konkuno, monga mphunzitsi wanu wakale, moni aperekeni ndithu, "Mwaswera bwanji bambo," koma funso lonse likhale mu uthenga womwewo kuti akapeza mpata ayankhe osadikira inu. Mawu oti n'zachangu asiyeni. Changu ndi chanu ndi abwana anu, kwa munthu wongodzipereka amamveka ngati mukumulamula.

Yankho louma lisakuthawitseni. Munthu akakuuzani kuti kawerengeni tsamba lakutilakuti, kawirikawiri ndiye kuti yankho lili pomwepo, ndipo wakuthandizani ngakhale sanamwetulire. Pitani mukawerenge. Ngati simunamve, bwererani munene kuti ndawerenga, ndime iyi ndi imene sindikuimvetsa. Chipongwe chenicheni, chonyoza mtundu wanu kapena choti ndinu mkazi, musalimbane nacho. Magulu ambiri a mapulogalamu aulere ali ndi malamulo a khalidwe ndi anthu oyang'anira, auzeni amenewo. Wina akayamba kukutsatirani kumbali ndi nkhani zosakhudza khodi, mutsekeni basi.

Mwandifunsanso ngati si bwino kungosiya anthu n'kumafunsa ChatGPT, poti iyo sinyoza ndipo sigona. Kuyambira pamene inatuluka mu Novembala 2022, achinyamata ambiri amayambira kumeneko, ndipo sindiwadzudzula. Vuto ngati la Mang'anja lija imaligwira msanga. Koma zonse ndanenazi zimagwiranso ntchito kumeneko: mukaipatsa funso loperewera, imakupatsani yankho longoganizira, kusiyana kwake n'koti iyo sikuuzani kuti funso lanu laperewera. Imayankha molimba mtima ngakhale pamene ikunama, mpaka kupeka dzina la lamulo limene kulibe. Pa zida zodziwika kwambiri monga PHP ndi Python imachita bwino. Pa tinthu ta mkatikati ta ODK kapena DHIS2 muziyerekeza yankho lake ndi mabuku a eni chidacho. Ndipo kaundula wa alimi musamuike mmenemo. Imeneyonso ndi seva ya kampani ya kunja.

Yankho likabwera, kaya kwa munthu kaya kwa makina, musalimeze osatafuna. Lamulo lililonse limene simukulimvetsa, lifufuzeni kaye kuti limachita chiyani, makamaka likakhala ndi mawu ngati DROP, DELETE, rm kapena sudo. DELETE yopanda WHERE imasesa tebulo lonse m'kuphethira kwa diso, ndipo sifunsa ngati mwatsimikiza. Yambani mwakopera database yonse ndi mysqldump, muiike pa flash kapena pa makina ena, kenako muyesere yankholo pa kope, osati pa zenizeni. Chenjerani ndi mayankho amene amangotontholetsa uthenga osachiza vuto: kuzimitsa kuunika kwa satifiketi, kupatsa aliyense chilolezo cha chmod 777, kubisa mauthenga olakwika. Mawu ofiira amasowadi, koma khomo latsala pululu. Munthu wosamudziwa akadzipereka kuti alowe mu kompyuta yanu ndi AnyDesk kapena TeamViewer kuti akukonzereni, kanani mwaulemu. Makina amenewo si anu, ndipo zili mkatimo si zanu zoti mungaonetse mlendo.

Abwana anu nawo ayenera kulowa m'nkhaniyi. M'maofesi ang'onoang'ono wa makompyuta amatengedwa ngati wodziwa zonse, kuyambira printer mpaka foni ya mlamu wa abwana, ndipo chifukwa cha zimenezi achinyamata ambiri amaopa kunena kuti akufunsa kwina, kuopa kuoneka osadziwa ntchito. Amabisa vuto mpaka tsiku la lipoti. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pantchito phulalo mumadya ndi ofesi yonse. Lowani mu ofesi muwauze kuti, "Bwana, vuto ndalipeza pamene lili, ndafunsa kwa eni pulogalamuyi, ndikuyembekeza yankho pofika Lachinayi, pakadali pano anyamata alembe pa mapepala, tidzalowetsa." Bwana wanzeru amakhulupirira kwambiri munthu wolankhula chonchi kuposa wongoti zili bwino. Pomwepo pemphaninso kuti bandulo ya ntchito ilowe mu bajeti, ndipo ngati seva ndi imene ikukudyerani nthawi, auzeni kuti eni zida ngati ODK amagulitsanso ntchito yokusungirani seva ndi kukuthandizani mwachangu. Thandizo laulere lilibe tsiku lolonjezedwa, ndipo bungwe limene lili ndi tsiku lomaliza la lipoti liyenera kudziwa zimenezo.

Vuto likatha, bwererani kumene munafunsa mukanene chimene chathandiza. Ambiri satero. Amangosowa, kapena amalemba kuti zatheka osanena kuti zatheka bwanji, ndipo wobwera pambuyo ndi vuto lomwelo amapeza funso lopanda mchira. Mizere itatu ndi yokwanira: vuto linali ili, ndachita izi, zikomo. Anthu amakumbukira dzina la munthu wotere, ndipo ulendo wina funso lake limayankhidwa msanga. Musadzione ngati wongolandira. Inu mukudziwa mmene fomu imachitira ikadzazidwa masiku atatu popanda netiweki, mukudziwa zimene zilembo za Chichewa ndi Chisena zimachita zikalowa m'makina opangidwa ndi anthu amene sanaganizepo za ng'. Mtsikana wa ku Chipata kapena ku Tete adzafunsa zomwezi, ndipo amene angamuyankhe bwino si wa ku Seattle.

Nthawi zina mudzachita zonsezi, n'kukhalabe zii. Zimachitika. Mwina wodziwa ali pa tchuthi, mwina vuto lanu ndi lachilendo kwenikweni. Dikirani masiku awiri kapena atatu. Musabwereze funso lomwelo, ndipo musalimwaze m'malo asanu nthawi imodzi. Onjezerani pansi pake chatsopano chimene mwapeza pamene munkadikira, chifukwa simunangokhala manja lende. Ngati mwatsimikiza kuti cholakwika chili mu chida chenichenicho, osati mu khodi yanu, kachidutswa ka mizere 20 kaja katumizeni kwa okonza chidacho kumene amalandirira malipoti a zolakwika, monga pa GitHub. Ndipo musaiwale a pafupi. Anzanu a m'kalasi amene ali m'mabanki ndi m'mabungwe a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, aphunzitsi a ku MUBAS kapena ku MUST ku Thyolo, anthu a ku mHub kapena a bungwe la ICTAM, onsewa amadziwa netiweki yathu ndi matabuleti athu popanda kuwafotokozera. Kuchoka pa boma la Chikwawa kukwera mapiri kudzera pa Thabwa kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Ngati vuto lakugonetsani sabata yathunthu, pemphani tsiku limodzi ndi ndalama ya minibasi, panganani ndi mnzanu nthawi, mupite ndi laputopu imene muli kope la pulogalamuyo ndi kafayilo ka anthu opeka kaja. Database ya alimi enieni isiyeni ku ofesi.